Kadzidzi wa Sajeni Rautio

Aune Rautio anali ndi zala zisanu ndi zitatu. Ziwiri za kumanzere anazisiya kumalire a kumpoto chaka chomwe kunazizira mpaka mitengo kumang'aluka yokha. Madokotala atathana naye, akuluakulu anamuchotsa pa ulonda n'kumuika mu ofesi yogula katundu wa asilikali. Poyamba ankaona ngati amutaya kudzala. Koma m'kupita kwa zaka anazindikira kuti nsapato iliyonse, chipewa chilichonse chomwe msilikali amavala kumalire chimadutsa patebulo pake, ndipo ntchitoyo anaigwira ndi mtima wonse.

Chaka chimenecho gulu lolondera malire linkafuna zipangizo mazana anayi zoonera kutentha kwa thupi, zoti msilikali azikoleka pakhosi. Asilikali chipangizochi amachitcha kadzidzi, chifukwa ukasuzumiramo, munthu wobisala m'chifunga kapena m'tchire amaoneka ngati khala la moto. Makampani ambiri anabwera, koma otsala anali awiri. Ina kadzidzi wake kanali kakang'ono, kosalala, kokongola ngati foni yatsopano. Inayo chake chinali chinjerwa chenicheni, cholemera, cha mabatani atatu akuluakulu.

Tsiku lina m'mawa a Meja Lehtola, omwe ankayang'anira ofesiyo, anaika pepala patsogolo pa Aune.

"Sajeni, komiti yasankha kakang'onoka. Kwangotsala kuti musayine."

"Kanayesedwa kuti, bwana?"

"Kulikulu, m'chipinda chozizira chija. Kanakhoza zonse."

"M'chipinda mulibe mphepo, bwana. Mulibenso msilikali wotopa amene zala zake zauma."

A Meja anavula magalasi n'kupukuta kumaso. "Mukudziwa kuti bwana wamkulu akufuna nkhaniyi ithe mwezi uno?"

"Ndiye asayine okha. Zala ali nazo zonse."

A Meja anaseka osafuna. Anali atagwira ntchito ndi mayiyu zaka zisanu ndi chimodzi ndipo ankadziwa kuti akakana, wakana. Masana omwewo anakwera kwa bwana wamkulu, anakakalipiridwa, koma anatsikako ndi chilolezo cha masabata atatu choti akayesere akadzidziwo kumalire.

Kunena zoona, Aune kakang'onoko ankakakonda. Amene anayendapo tsiku lathunthu pachipale chofewa, chikwama kumsana, amadziwa kuti madzulo ngakhale supuni imalemera. Paulendo wonse wa sitima wopita kumpoto ankangopemphera chamumtima kuti kakhoze.

Kumsasa wa kumalire Aune ndi a Meja analandiridwa ndi Kopolo Eerik Saari, chimunthu chandevu zofiira chomwe Aune anachiphunzitsa ulonda kalekale.

"Amayi abwera! Bisani khofi, anyamata!" anakuwa Saari. "Mwatitengera chiyani ulendo uno? Masokosi oyabwa aja?"

"Masokosi aja ndi amene akusungira zala zakumapazi, iwe. Ndevuzo bwanji, lumo linathawa?"

"N'zofunda izi, amayi. Ofesi yanu sinatigulire mpango."

Kampani iliyonse inatumiza munthu wake. Wa chinjerwa anali mzimayi wosayankhulayankhula yemwe anangopereka katundu wake n'kukakhala pafupi ndi mbaula. Wa kakang'ono anali bambo Tornberg, munthu waulemu, wa jekete yodula, yemwe anapatsa moni aliyense pamsasapo.

M'mawa mwake kunacha ndi chifunga chokhuthala, kuzizira kutafika madigiri makumi atatu kunsi kwa ziro. Aune anaima pakhomo n'kunena malamulo ake. Akadzidzi onse awiri akhale panja, pachifuwa pa msilikali, maola atatu. Batire asaigwire aliyense. Ndipo woyang'anamo asavule magolovesi, zivute zitani. Kenako anatumiza asilikali asanu ndi mmodzi kukabisala m'nkhalango kutsidya kwa dambo.

Ola loyamba kakang'ono kanachita zodabwitsa. Chithunzi chake chinali chowala bwino moti Saari anati akuona ndi mphuno ya mnzake yomwe. Chinjerwa chinkaonetsa anthu ngati mabala oyera basi. A Meja anayang'ana Aune, nsidze zili m'mwamba. Iye anangoti, "Dzuwa lidakalipo, bwana."

Vuto linayamba pofuna kukuza chithunzi. Timabatani ta kakang'onoko tinali tothinana, ndipo chala cha m'golovesi chinkadina tiwiri nthawi imodzi.

"Amayi, kameneka anapangira woimba piyano," anadandaula Saari. "Ndivule pang'ono pokha?"

Aune anakweza dzanja lake lamanzere, la zala zitatu lija. Saari sanafunsenso.

Ola lachitatu litayandikira, Aune anasinthanitsa anthu. Kakang'ono anakapereka kwa msilikali wina yemwe anali kumapeto kwa mzere, pafupi ndi shedi ya nkhuni, ndipo Saari anatenga chinjerwa. Patapita theka la ola anachiika kumaso n'kuyamba kuwerenga, akutembenuka pang'onopang'ono.

"Mmodzi pansi pa mtengo wakugwa. Awiri kuseri kwa mwala, akugawana fodya, ndikawanenera. Wachinayi, wachisanu... wachisanu ndi chimodzi wakwera mumtengo, chitsiru." Anapitiriza kutembenuka mpaka anayang'ana chakumsasa, kenako anaima. "Amayi, munatumiza angati?"

"Asanu ndi mmodzi."

"Ine ndikuona asanu ndi awiri. Winayu wanjuta kuseri kwa shedi, ndipo m'khwapa mwake muli kanthu kozizira."

Aune analandira chinjerwacho n'kusuzumiramo yekha. Kenako anayenda pachipalepo mosafulumira, a Meja ali pambuyo. Kuseri kwa shedi anapeza bambo Tornberg atatsegula jekete, batire ya kadzidzi wawo ataipana m'khwapa kuti itenthedwe. Kakang'onoko kanali katazima mphindi makumi awiri zapitazo, ndipo iwo anakapempha kwa msilikali uja ponena kuti akufuna kupukuta galasi.

Nkhope ya bamboyo inafiira kuposa mmene chisanu chinaifiiritsira. A Meja anatsegula pakamwa kuti akalipe, koma Aune anawatsogolera.

"Tsekani jekete, bambo, mungadwale chibayo. Tiyeni mukamwe khofi."

M'nyumba, atawapatsa kapu m'manja, anawauza mofatsa. "Kanthu kanu n'kabwino. Maso ngati ake sindinaonepo. Koma anyamatawa akakhala kumalire, msasa uli mtunda wa tsiku lathunthu, ndani adzawaikire batire m'khwapa? Zomwe zachitikazi ndilemba momwe zachitikira, sindichotsapo, sindiwonjezerapo. Inu kauzeni okonza kuti abwere kuno adzazizidwe kaye."

Bambo Tornberg anagwedeza mutu, maso ali mu kapu. "Ndinawauza za batireyi chaka chatha," anatero chapansipansi. "Sanandimvere."

Mzimayi wa chinjerwa anali atayamba kumwetulira pambali pa mbaula paja, koma Aune anamutembenukira.

"Inunso musasekerere. Lamba wanu akudula khosi, taonani pakhosi pa Kopoloyu. Chivundikiro cha galasi chikugwa chokha. Ndipo kulemeraku muchepetseko, asilikali anga si abulu."

"Abulu amadya bwino kuposa ife," anatero Saari.

Mzimayiyo anatulutsa kabuku n'kulemba zonse.

Atabwerera kulikulu nkhani sinayende mofewa. Komiti sinakondwe kuuzidwa kuti inalakwitsa, ndipo wina anafunsa ngati sajeni wamba ali ndi mphamvu yogubuduza chisankho cha anthu ophunzira. A Meja Lehtola anaimirira, anawerenga lipoti la Aune mzere ndi mzere, n'kumaliza ndi mawu akuti amene akukayika apite akaime padambo lija maola atatu. Palibe anadzipereka. Kugula kunachedwa miyezi inayi, bwana wamkulu anakhala milungu ingapo osamuyankha Aune moni, koma pomaliza chinjerwa chinadutsa, chili ndi lamba wofewa komanso chitapepukako.

Mabokosi anafika masamba atayamba kufiira. Aune anakhala masiku anayi m'nyumba yosungira katundu, akutsegula bokosi lililonse, kuyatsa kadzidzi aliyense ndi kudina mabatani atavala magolovesi. Atatu anawabweza. Otsalawo anawaperekeza yekha mpaka pagalimoto, ndipo pamene galimoto zinkatuluka pageti anaima chilili, manja kumbuyo, ngati kholo loperekeza ana ku ukwati.

Chisanu chotsatira malipoti anayamba kubwera. Gulu lina linapeza mlenje yemwe anathyoka mwendo m'chifunga. Lina linagwira anthu ozembetsa katundu pamtsinje wa madzi oundana, popanda kuomba mfuti ngakhale kamodzi. Aune ankawerenga malipotiwo kawirikawiri, kenako n'kuwaika m'kabati mwakachetechete.

Tsiku lina bwana wamkulu anatsika okha kudzamupeza, chinthu chomwe anali asanachitepo.

"Sajeni Rautio, asilikali a maiko awiri oyandikana nafe amva za kayesedwe kanu. Akufuna mukawafotokozere. Takonza holo yaikulu, mudzayankhula ola limodzi."

Aune anaimirira, nkhope ataiumitsa.

"Zikomo, bwana. Koma za m'holo sindizitha. Abwere kumpoto mwezi wa mawa."

"Ndi akuluakulu a maudindo awo amenewa, Sajeni. Ena ndi achikulire."

"Tidzawaphikira supu ya nsawawa zouma, bwana, ndipo sauna, bafa yathu ya nthunzi, idzakhala yoyaka. Koma choyamba adzaima panja."

Bwana wamkulu anapukusa mutu akumwetulira. "Lembani zomwe ayenera kuvala," anatero potuluka.

Anabweradi, anthu khumi ndi anayi a nyota zambiri paphewa. M'mawa wa tsiku loyamba anandanda m'mphepete mwa dambo, mpweya ukufuka m'kamwa, akupondaponda pansi kuti mapazi asaume. Aune anadutsa kutsogolo kwawo pang'onopang'ono, akuyang'ana zipewa ndi nsapato, wina anamukonzera kolala. Atafika kumapeto kwa mzere anatembenuka, n'kukweza mawu kuti wakutali yemwe amve.

"Mwadzuka bwanji, mabwana? Takulandirani kwathu. Tiyambepo."