Zibowo Zitatu pa Lamba wa Lucius

"Alamu, mchimwene wangayu mukumupha ndinu!"

Janet analankhula asanakhale n'komwe pampando. Anali atakwera minibasi ziwiri kuchokera ku Bangwe kudzafika ku Ndirande, Lamulungu masana, atanyamula kontena ya nkhumba yokazinga ndi chigubu cha thobwa. Kumbuyo kwake kunali a Maziko, ankhoswe a banjalo, amene ankaoneka kuti angowakoka akutuluka m'tchalitchi.

Margret anaima pakhomo la kukhitchini, m'manja muli mbale ya mwamuna wake: mtanda umodzi wa mgaiwa, nyemba, ndi chisoso chongowiritsa.

"Taonani zomwe akumupatsa, a Maziko! Chakudya cha kundende! Kapitawo wa galaja yonse ku Chirimba, munthu amene mimba inkayamba kulowa m'nyumba mwini wake akadali panja. Lero malaya akungolendewera ngati awapachika pamsomali."

Lucius anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wofuna kuti nkhani ithe. Anakokera malaya pansi kuti abise lamba. Palambapo panali zibowo zitatu zatsopano, zimene anaboola yekha kuntchito anyamata atapita kokadya.

Nkhaniyi inali ndi miyezi isanu. Margret ndiye anayamba kuona nyerere zikuunjikana m'chimbudzi mwamuna wake akangotulukamo. Anamukakamiza mpaka anapita kuchipatala. Anamupeza ndi shuga, BP nayonso ili m'mwamba. Namwino sanabise kanthu: mchere, mafuta, zotsekemera, mowa wa Loweruka, kanyenya wa pa siteji tsiku ndi tsiku, zonsezo azichepetse ngati akufuna kukalamba ndi miyendo yake iwiri. Potuluka, ali pageti penipeni, Lucius anamugwira mkono mkazi wake.

"Amayi a Faith, izi zithere pompano. Kuntchito amati wa shuga kuchipinda anatha kalekale. Anyamata aja akamva, adzanditchanso bwana?"

Margret analonjeza, ndipo lonjezolo analisenza yekha. Pampopi amayi ankadula nkhani iye akafika. Kumvano wina anamunong'oneza kuti, "Nanunso munayamba kumwa ma ARV aja?" Mwini matenda ankangodutsa bwinobwino, kulandira moni waulemu, anthu n'kumamumvera chisoni kuti anakwatira mkazi wouma mtima.

"Kapena tingonena zoona," Janet anatero, akutsitsa mawu koma mokwanira kuti aneba oyanika zovala kuseri kwa windo amve. "Munthu sangoonda chabe. Maulendo anu a kaunjikawa, kulawira mbandakucha, kubwera dzuwa litalowa. Ngati pali chimene munatola kumeneko n'kubwera nacho m'nyumba muno, nenani. Masiku ano mankhwala alipo."

Nkhope ya Margret inatentha. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi m'banja, lero amuvule chonchi pamaso pa ankhoswe! Anayang'ana mwamuna wake. Mwamunayo ankawerenga kalendala ya pakhoma ngati waiona koyamba.

"Achemwali, musatero," Lucius anayankha motsitsa. "Ndi ntchito chabe yachuluka."

Basi. Mawu ake onse anathera pomwepo.

A Maziko anakhosomola, akuyendetsa chipewa pabondo. "Mwana wanga Margret, sitinabwere kudzakuweruza ayi. Koma kamchere, timafuta pang'ono, sizingagwetse nyumba. Mwamuna azioneka kuti ali ndi mkazi."

Janet anali atavundukula kale kontena. Fungo la nkhumba linadzaza pabalaza. Anathira thobwa m'kapu mpaka kukamwa.

"Ndathiramo shuga wokwanira, osati za kunozi. Idya, Lushi, ngati mmene unkadyera kwa amayi. Ndione ngati angakulande ine ndili pano."

Lucius anasuzumira kwa mkazi wake, n'kubweza maso msanga. Anatola nthuli yonona. Anatafuna. Anatolanso ina, mafuta akutsikira kuchigongono, thukuta lili kamukamu pamphumi. Sanali kumva kukoma. Aliyense wofuna kuona akanaona. Ankadya ngati munthu amene akukwirira chinthu. Kenako anatambasula dzanja n'kunyamula kapu ija.

Margret anaika mbale pansi. Analowa kuchipinda, nakoka sutikesi pansi pa bedi. Pansi pa zitenje zake za ukwati, pamene mwini wake anamuuza kuti abisepo, panali buku la kuchipatala la Lucius. Anatuluka nalo n'kuliika patebulo pakati pa nkhumba ndi thobwa, losatsegula, dzanja lake lili pamwamba.

Lucius anasiya kutafuna.

"Alamu," Margret anatero, "apongozi anga aamuna anamwalira ali ndi zaka zingati?"

"Izo zikubwera bwanji pano?"

"Zingati?"

"Fifite thuu. Anachita kuwalodza kuntchito, aliyense akudziwa."

"Atadulidwa mwendo. Atagona pamphasa zaka zinayi, maso osaona, amayi anu akuwatembenuza ngati khanda. Nawonso mimba inkayamba kulowa m'nyumba, eti? Achimwene anuwa ali ndi fote sikisi. Faith wangoyamba kumene Fomu Wanu."

 Janet anayang'ana mapazi ake, otupa mpaka zingwe za nsapato zalowa m'mnofu, n'kuwakokera pansi pa mpando. A Maziko anasiya kuyendetsa chipewa.

"M'bukumo muli chiyani?" a Maziko anafunsa.

"Si langa, bambo. Ine ndinalonjeza kuti sindidzanena, ndipo sindinena. Bukuli sindilitsegula."

Anatembenukira kwa mwamuna wake. Mawu sanawatsitse.

"Miyezi isanu ndakhala ndikuyenda chowerama mu Ndirande muno chifukwa cha inu. Anandinena kuti ndine wouma mtima, ndinapirira. Lero anditcha woyendayenda m'nyumba mwanga momwe, inu muli pompo, mukutafuna. Manyazi anuwo ndi olemera bwanji kuti ine ndiwasenze, inu mukafe nawo?"

Lucius anali chigwirire kapu, thobwa likutayikira pang'onopang'ono pathalauza. Maso anali pansi.

"Bambo a Faith, ikani kapuyo pansi. Achemwali anu akwera minibasi ziwiri kuti adzamve amene akukuphani. Dzutsani mutu, muwayankhe."