Kampando ka Che Salehe

"Phazi silikulowa, Amayi. Taonani nokha."

Hanan anali atagwada pa simenti, mwana ali kumsana, akuyesa kuwaveka amayi ake patapata. Phazi linali litatupa mpaka kakolo osaonekanso. Atadina ndi chala panatsala kadzenje kamene sikanafune kubwerera.

"Nanga ndikupita kuti kuti ndivale?" anayankha Mayi Rabiya, nkhope ili kukhoma. "Ndisiye."

"Ndikusiyeni muphulike?"

Panali patatha sabata chiikireni m'manda Che Salehe, bambo ake a Hanan. Njinga yamoto ya kabaza inawagunda pafupi ndi depoti akuchokera kooda mpunga wa m'shopu mwawo. Chimene chinkamupweteka mutu Hanan n'chakuti bamboyo analibe nthenda ina iliyonse. Wodwala m'nyumbamo anali mayi: shuga, BP, ndi miyendo yotupa akangokhala pansi tsiku lonse. Kuchipatala anawauza poyera kuti mapiritsi okha sawathandiza, ayenera kumayenda tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake awiriwa analowa gulu la anthu oyenda m'mawa, la ku Salisbury Lines ndi ku Katawa. Miyendo inaphwa, mayi n'kuyambiranso kuvala nsapato zotseka.

Tsopano mayi anali pa eda. Mkazi wachisilamu akaferedwa mwamuna amakhala panyumba miyezi inayi ndi masiku khumi, osayendayenda, osaonana ndi amuna achilendo. Woyang'anira kuti zimenezi zitsatidwe anali a Hamisu, mlongo wawo wa mayi, amene anabwera ku maliro kuchokera ku Machinga n'kutsalira. Tsiku lonse ankakhala pakhonde atafunda bulangete, akudandaula za kuzizira kwa Mzuzu, atakhala pa kampando kopinda ka malemu.

"Amalume, bwerani mudzaone miyendo ya achemwali anu."

"Ndaiona. Uwathowe ndi madzi otentha."

"Ndawathowa dzulo, ndawathowa dzana. Madzi otentha si dokotala. Ayenera kuyenda."

"Adzayenda eda ikatha."

"Mu Novembala? Adzayenda pa chiyani, pa wilibala?"

A Hamisu anaika kapu ya tiyi pansi. "Iwe Hanan, sukulu unasiyira panjira. Madrasa unasiyira panjira. Lero ukufuna kundiphunzitsa chipembedzo?"

"Sindikukuphunzitsani chipembedzo, Amalume. Ndikukuonetsani phazi."

Hanan anapita kuseri kukatsuka miphika ikuluikulu imene anabwereka kumzikiti pa maliro, ndipo anaikwecha mwaukali mpaka mwana anadzuka n'kuyamba kulira.

M'mawa mwake, mapemphero a swala atangotha, kunja kukugwa mawawa, wezulo inalira pageti. Hanan anatsegula n'kupeza gulu lonse lili mumsewu: amayi ovala zitenje pamwamba pa mathalauzi, abambo amimba zawo, wina aliyense ndi botolo la madzi. Patsogolo panali Mama Elsie, mphunzitsi wopuma ntchito, mwini wezulo. Pambali pawo a Winston, mmodzi wa abambowo, atanyamula chinsalu chokulunga pa ndodo ziwiri.

"Mwawuka uli, Hanan? Phepani chomene, mwana wane."

"Tawuka makora, Mama."

"Tinati tidikire anthu abalalike kaye. Tsopano taona tamuchitira chiyani dada wako."

Mama Elsie anatsegula zipi ya jekete. Pa tisheti yoyera panali nkhope ya Che Salehe, chipewa chawo chopempherera kumutu, masaya atatambasuka mbali zonse ziwiri. Ena onse anatsegulanso majekete awo. Hanan anaona bambo ake akumuyang'ana kuchokera pa zifuwa ndi mimba za anthu, ndipo anatsinzina.

"Loweruka tikupanga big walk," anapitiriza Mama Elsie. "Kuchoka ku Katawa mpaka mtauni, kumukumbukira. Zimene tipeze tigulira gulu makina oyezera BP. Ndiye amama ako ayende patsogolo, agwire chinsalu. Nanga ali kuti? Sabata yonse osayenda, miyendo ija ili bwanji?"

"Astaghfirullah!" A Hamisu anali atafika kumbuyo kwa Hanan, bulangete likukwekwereza pansi. "Mlamu wanga pa chifuwa cha mzimayi?"

"N'chikondi, dada."

"Chikondi cha mtundu wanji chojambula munthu wakufa pa malaya? Mukufunanso wamasiye aziguba mtauni ndi amuna? Ife sititero. Sakutuluka muno."

"Sakutuluka bwanji? Ndi mkaidi? Mukudziwa shuga, dada? Mukudziwa kuti amadula mwendo?"

"Mukudziwa Mulungu, mayi?"

"Kumudziwa ndimamudziwa chomene, ndine mlembi wa chigwirizano cha amayi kutchalitchi!"

Hanan anaima pakati, mawawa akumunyowetsa mpango. Uyu akukamba za kulemekeza bambo, uyo akukamba za kulemekeza bambo. Bambowo anali atagona kumanda, sakumva kanthu. Amene anali moyo anali m'nyumba ndi phazi ngati dzungu.

Mwadzidzidzi a Winston anaseka, akuloza pakhonde. "Elsie, taona! Kampando kaja."

Mama Elsie anasuzumira, ukali n'kuwathera. "Ayi, Che Salehe anatizunza nako aka. Ife tikuyenda ndi botolo, iwo ndi mpando. Sitinafike n'komwe pa mlatho, ayamba kale: 'Ndatopa! Imani, ndatopa!' Gulu lonse kuima."

"Munthu woti thumba la mpunga amanyamula yekha," anatero a Winston. "Ndiye akatambasula kampandoko, kukhalapo? Ayi. Amangowerama n'kugwira bondo, uku akubuula. Mpaka madamu awo ankati, 'Poti simukukhalapo, ndikhalepo ine.' Tinkafika kunyumba dzuwa litakwera chifukwa cha iwo."

Hanan ankaidziwa nkhaniyi. Salisbury Lines yonse inkaidziwa. Iye mwini anawauzapo kuti, "Ababa, mukutichititsa manyazi. Ngati simungathe, khalani kunyumba." Bamboyo anangoseka n'kupachika kampando paphewa. Koma lero Hanan analibe nthawi ya nthabwala.

"Amalume," anatero, "chimbudzi chathu chili kuti?"

"Funso lanji limenelo pamaso pa anthu?"

"Chili kuti?"

"Kuseri, kumpanda."

"Amayi amapitako?"

"Nanga asapite?"

"Ndiye kuti bwaloli ndi nyumba. Ngati angayende kukafika kuchimbudzi, angathe kupitirira, kuzungulira, n'kubwerera pakhonde. Geti sadutsa. Ndalakwa pati?"

A Hamisu anayang'ana mpanda wa zigwagwa wozungulira nyumbayo, matabwa ake aatali kuposa munthu. Anakanda ndevu.

"Amuna asalowe," anatero pomaliza. "Ndipo nkhope imeneyo ndisaione."

"Kuzungulira nyumba ngati nkhuku?" anadandaula Mama Elsie. "Nanga big walk?"

"Big walk yanu kapangeni Loweruka, Mama, palibe akukuletsani. Amayi ayenda muno. Tsekani majekete. A Winston, inu ndi abambo anzanu muziyenda mumsewumu, uku ndi uku."

"Chinsaluchi?"

"Chitsamiritseni pa mpanda."

Hanan anaganiza kuti wathana nazo. Analowa kuchipinda n'kupeza amayi ake atakhala pamphepete pa bedi, atamva zonse.

"Sindikupita."

"Amalume alola."

"Alole, asalole. Sindikupita."

"Chifukwa?"

"Elsie amayenda ngati akuthawa ngongole. Ine ndikagwe pamaso pa anthu, azikanena ku Katawa konse kuti Rabiya watha?"

"Mukatopa munena, aima."

"Ine sindinanenepo zimenezo, ndipo sindiyamba lero."

Sabata yonse Hanan anaphikira anthu, anachapa mabulangete a alendo, anatsegula ndi kutseka shopu, anayamwitsa mwana ataimirira. Kulira kumene sanapeze mpata.

"Amayi, miphika ya kumzikiti ija ndaitsuka. Ili kuseri. Ndiuzeni chinthu chimodzi: ndikabweze, kapena ndiisunge poti tiifunanso posachedwa?"

"Hanan!" anakuwa a Hamisu ali pakhomo.

"Ndikufunsa, Amalume. Kunyamula kawiri n'kovuta, ndine ndekha."

Mayi Rabiya anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali, maso ouma. Kenako anakoka mpango n'kuukonza bwino kumutu.

"Pakamwa pako mpoipa," anatero. "Sindikudziwa unatengera ndani."

"Kwa inu."

Patapata zawo zinakanabe. Hanan anatenga za bambo ake pansi pa bedi, zazikulu, zodyeka chidendene. Zinalowa.

Bwalolo silinali loyendamo. Pakati pa nyumba ndi mpanda panali kanjira kongokwana munthu mmodzi, ndipo pakona a Hamisu anali atakhazikikapo pa kampando kuti aziona ngati malamulo awo akutsatidwa.

"Amalume, mwatseka njira."

Anadzuka akung'ung'udza. Hanan anapinda kampandoko, anayang'ana poti akaike, koma pakhonde panali patadzaza mabotolo a madzi ndi maambulera. Anakapanira m'khwapa.

Mama Elsie anaika wezulo pakamwa.

"Mama, mwana wagona."

"Sorry, sorry. Tiyeni, amama!"

Anayamba. Mama Elsie patsogolo, amayi ena pambuyo, kenako Mayi Rabiya, Hanan kumapeto. Anawerama pansi pa chingwe cha zovala, analambalala mgolo wa madzi, anadutsa pa miphika ya kumzikiti yovundikira, chimbudzi, dimba la mpiru, n'kutulukiranso pakhonde. Kunja kwa mpanda kunkamveka nsapato za abambo m'matope ndi mawu a Winston akukamba za mpira. A Hamisu anaima pakhonde manja kumbuyo, akupukusa mutu nthawi iliyonse mzerewo ukadutsa.

"Manja mmwamba, amama! Pumani ndi mphuno!"

Mwamuna wa nyumba yoyandikana anafuula ali kwawo kufunsa ngati kwagwanso zovuta. Wina anaponda mpiru. Hanan analuma mano.

Atazungulira kangapo, anayamba kumva mpweya wa amayi ake. Unkalira ngati mpope wopanda madzi. Patapata za bambo zinasiya kunyamuka, zinkangokhwekhwereza.

"Muli makora, Mama Rabiya?" anafunsa Mama Elsie osatembenuka.

"Ndili bwino. Tiyeni."

Kuseri kwa nyumba, kumene a Hamisu sankaona, dzanja la mayi linatuluka m'mpango n'kugwira khoma. Linasiya, n'kugwiranso patsogolo pang'ono. Khosi lawo linali thukuta lokhalokha m'kuzizira konseko. Mutu anauimika chilili.

Hanan anatsegula pakamwa kuti anene, Amayi khalani pansi. Mawuwo anawagwira asanatuluke. Ankawadziwa amayi ake. Akangomva zimenezo pamaso pa Elsie, alowa m'nyumba, atseka chitseko, ndipo sadzatulukanso ngakhale abwere ndani. Kuwasiya, agwa. Kuwauza, asiya. Anasuntha kampando m'khwapa poti kankamukanda, ndipo anakayang'ana. Lamba wake anali atasalala chifukwa cha phewa la bambo. Nsalu yokhalapo inali italowa pakati, malo aakulu, a munthu wa thupi. Che Salehe anali woonda ngati nsungwi.

Hanan anaima.

"Ndatopa," anatero, mawu akutuluka pang'ono.

Mzere unapitirira. Palibe anamva, kupatula amayi ake, amene anachepetsa liwiro osacheuka.

"Bambo ako ankanena mokweza," anatero motsitsa, pakati pa mpweya. "Kuti onse amve."

Hanan anakweza mawu.

"Ndatopa! Imani, ndatopa!"

Amayi onse anatembenuka. Mama Elsie anagwira m'chiuno. "Iwe, mtsikana wa dzulodzuloli? Tangoyamba kumene!"

"Ndili ndi mwana kumsana, Mama. Imani."

Kunja kwa mpanda nsapato zinaleka kulira. "Ayi, tayambanso!" anafuula a Winston. "Ndi za m'magazi izi!"

Ena anaseka. Mama Elsie anayamba kuseka nawo, koma maso awo atagwa pa Mayi Rabiya, pa dzanja logwira khoma lija, anasiya. Anayang'ana kampando, anayang'ananso Hanan. Kenako anatsegula botolo lawo n'kumwa madzi pang'onopang'ono, ngati anali ndi ludzu lalikulu.

Hanan anatambasula kampando pa malo ouma, pansi pa denga. Sanakhalepo. Anawerama, mwana akulendewera kumsana, n'kugwira bondo.

"Poti sukukhalapo," anatero Mayi Rabiya, "ndikhalepo ine."

Anakhala. Hanan anakhalabe chowerama, nkhope yake ili kumpanda kumene kunalibe womuona, akusisita bondo limene silinkapweteka, mpaka mpweya wa amayi ake unabwerera m'malo mwake.