Chipikisheni cha Bouchaib

Bouchaib anakalambira pageti la ndende, ndipo ntchito yake inali imodzi basi: kusecha madengu a chakudya amene abale amabweretsera akaidi. Buledi ankamung'amba pakati, nkhuku yowotcha ankaipisa chala kumbuyo, sopo ankamubowola ndi waya. Anatulukira zambiri mkuluyu: chamba m'mimba mwa nsomba, kafoni m'kati mwa dzungu. Vuto linali lakuti akaweruka, yunifolomu ankavula, koma manja aja ankapita nawo kunyumba.

Mkazi wake Rkia zinamufika m'khosi. Chikwama cha kumsika, kusecha. Mapilo, kusecha. Ngakhale kuskusi, chakudya chawo cha Lachisanu, Bouchaib ankayamba wamuvundula ndi supuni asanatchule n'komwe dzina la Mulungu.

Akuluakulu a ndende anali atalemba ntchito mayi wina wothandiza anthu olemedwa maganizo, ndipo analengeza kuti asilikali azipita ndi akazi awo. Asilikaliwo ankalambalala chitseko chake ngati muli mphere.

"Bambo a Ilham, tiyeni tikamuone mayi uja," anatero Rkia tsiku lina.

"Ine? Amisala ali m'kati, ine ndimasunga makiyi."

"Chabwino, a makiyi. Koma Lamlungu kukubwera anthu odzafunsira mbeta mwana wanu Ilham. Mukandichititsa manyazi, wallahi ndikupita kwa achimwene ku Safi, ndipo musadzandilondole."

Bouchaib analumbira mpaka kutchula manda a mayi ake. Mantha anali nawo ndithu, chifukwa Rkia sanali mkazi woopseza zabodza, ndipo m'dziko lonse ndi iye yekha amene ankamuitanabe ngati munthu, osati ngati geti.

Lamlungu masana alendo anafika: Haji Lekbir, mkazi wake Zhor, ndi mnyamata wawo atathina m'suti yobwereka. Anatula patebulo zipatso za tende, keke yophika Zhor mwini, ndi mibulu iwiri ya shuga yokulungidwa m'pepala, imene banja lililonse laulemu limanyamula pofunsira mbeta. Shugayo sakhudzidwa mpaka mawu atamveka.

Pokumbatirana, manja a Bouchaib anatsetsereka m'nthiti za Haji n'kukafika m'matumba. Haji anaseka, nayesa chikondi. Rkia anamuponyera diso loti likanapha mbuzi, ndipo Bouchaib anakhalira manja ake pampando.

Tiyi anathiridwa. Haji anayamba kuyamikira mwana wake, kuti sasuta, saphonya swala, ali ndi shopu ya matayala. Bouchaib sankamva kanthu. Maso ake anali pa mbulu wa kumanzere, chifukwa pepala lake linkaoneka kuti linamasulidwapo n'kumatidwanso. Thukuta linayamba kumuyenderera m'khosi.

"Tsono tabwera kudzapempha mwana wanu mwa lamulo la Mulungu," anamaliza Haji.

Phwaa! Kanyundo koswera shuga kanali katatera kale pa mbulu uja. Bouchaib anafwanthula zibenthuzo, nanunkhiza, nanyambita. Anaswanso mbulu winawo. Keke anaipisa zala zonse mpaka pansi pa mbale.

"Mulibe kanthu," anatero mopuma mtima. "Lowani. Wotsatira!"

Zhor anayang'ana keke yake, kenako mwamuna wake.

"Haji, nyamukani. Ife tinabwera kudzafuna mpongozi, sitinabwere kudzazonda wakuba."

Anatuluka osatsanzika. Ilham anathamangira kuchipinda akulira, ndipo m'pamene Bouchaib anaona kuti zala zake zili mbuu ndi kirimu. Manyazi anamugwira mpaka m'mafupa.

Rkia sanakalipe, ndipo chimenecho ndicho chinamuopsa kwambiri. Analowa kuchipinda, natuluka atavala jelaba, mkanjo wake wa paulendo, chikwama kumanja, Ilham pambuyo.

Bouchaib anaima pakhomo. Ankafuna kunena kuti mawa lomwe apita kwa mayi uja, kuti ndendeyo inamudya pang'onopang'ono iye osadziwa, kuti popanda Rkia sadzagona tulo. Koma manja okha ndiwo anatambasuka, osati kwa mkazi wake, koma ku chikwama.

Rkia anachitsegula yekha n'kumuyandikizira.

"Sechani, bambo a Ilham. Chanu mulibemo."

Ndipo Bouchaib, misozi ili chuchuchu, anasecha.