Mowa Wosapsa

Adelina ankafulula mowa wa mapichesi m'chigubu chachikulu, kumudzi kwawo kufupi ndi Tsangano. Ankathiramo shuga ndi feremento, yisiti yogula kumsika. Mowawo ukasiya kuwira ankadikira kuti nsenga zikhazikike pansi, kenako nkutsanulira wapamwamba wokha m'mabotolo.

Lachinayi mwamuna wake, Cornélio, anabwera kuchokera kumunda wa kachewere matope ali m'mawondo.

"Aganyu amaliza kukumba Loweruka," anatero. "Ndawalonjeza mowa. Uthire m'mabotolo lero."

"Sunapse, bambo a Thoko. Tamverani nokha." Adelina anatsegula chigubu, thovu linkatumphuka. "Ukuwirabe uwu. Mukautsekera chonchi mabotolo aphulika."

"Ndiye ndikawauze anthu kuti mkazi wanga wakana?"

"Akhoza kumwera m'chigubu momwemu. Kapena adikire sabata ya mawa."

Chibakera cha Cornélio chinamupeza Adelina pakamwa. Anagwera pa mafuwa, dzino limodzi nkuguluka. Anakhala pansi pomwepo akulavula magazi, nkumayang'ana mwamuna wake akukhutchumula chigubu, akuti mphamvu ya mowa imakhala pansi. Nsenga zonse zinavunduka, mowa unasanduka ngati madzi a m'chithaphwi. Cornélio anadzaza mabotolo mpaka pakhosi, anakhomerera zitsononkho ndi mwala, anamanga ndi waya, nkukawaika m'nyumba pansi pa malata.

Loweruka masana dzuwa linaswa mtengo. Aganyu anakhala pansi pa mpichesi, matumba a kachewere ataunjikidwa pambali. Pakati pawo panali Mavuto, mlongo wake wa Adelina. Iye anauona mlomo wotupa uja, ndipo atafunsa, Adelina anangoti anagwa. 

Cornélio anatulutsa mabotolo m'dengu, akuseka. Ananyamula limodzi, nayamba kumasula waya ataliyandikiza kumaso.

Linaphulika ngati mfuti. A Sebastião, mkulu wina amene anathawapo nkhondo nkukakhala ku Malawi, anadzigwetsa chafufumimba, manja ali kumutu. Lina linaphulika m'dengu, kenako ena awiri pamodzi. Anthu anabalalika. Cornélio anaima yekha, magazi akutsika kuchokera m'diso lamanzere mpaka pachifuwa, m'manja atagwirabe khosi la botolo losweka.

Anatembenukira kwa Adelina, amene anali pakhomo pa khitchini.

"Waulodza," anatero ndi mawu otsika. "Waulodza kuti undiphe, iwe."

Anamuthamangira. Adelina anatchinga nkhope ndi mkono, galasi linamucheka kuchokera pachigongono kutsika. Cornélio anakwezanso dzanja, koma Mavuto anali atafika kale ndi mpini wa khasu. Anamumenya Cornélio pamkono, fupa linamveka kuthyoka. Anamumenyanso kumsana, Cornélio nkugwa chogwada. Mavuto akukweza mpini kachitatu, Adelina anaugwira ndi dzanja labwino lija.

"Basi, achimwene. Mukamupha mukafera kundende ndinu."

Mavuto ankapuma movutikira. "Dzino lija anakuchotsanso ndi yemweyu?"

"Ndi yemweyu."

Mavuto anaponya mpini pansi. Anavula malaya ake, anawang'amba, namanga mkono wa mlongo wake mpaka magazi anachepa.

Aganyu awiri anamukweza Cornélio pa mota, njinga yamoto, wina akumugwirira kumbuyo, nkupita naye kuchipatala. Adelina anakana kukwera naye limodzi. Anadikira mota ina. Kuchipatala anamusoka masana omwewo, m'chipinda choyandikana ndi chomwe munagona mwamuna wake, koma sanalowemo kukamuona.

Diso lija silinachire. Cornélio atatuluka m'chipatala anapeza zovala zake, wailesi ndi nsapato za jombo zili m'thumba pakhonde la a Sebastião. Pamudzipo panali pa akuchikazi, ndipo palibe amene anamuitana kuti akhale pansi. A Sebastião anamunyamulira thumbalo mpaka pamsewu, nakhala naye kufikira chapa, minibasi yopita kwawo kwa Cornélio ku Furancungo, itabwera.