Saphonya Wabweretsa Magazini

Chipinda chositira zovala chinalibe zenera loyang'ana kumsewu, ndipo n'chifukwa chake Namabuku ankachikonda. Dzinali anamupatsa ndi azakhali ake, eni shopu yochapa zovalayo, chifukwa kuyambira ali mwana ankatha kupsereza malaya maso ali papepala. Koma chibwerere kuno sanapserezepo kanthu. Munthu wothawa mwamuna amasita mosamala, khutu lili kukhomo.

Anathawa diso litatupa, dzanja limodzi chikwama, linalo atagwira mwana wake wamkazi. Mwamunayo sankawadziwa azakhaliwa, pakuti iwo anakangana ndi abale onse kalekale ndipo ngakhale ku ukwati sanaponde. Namabuku anasintha nambala ya foni, anameta tsitsi, mwana anamulowetsa sukulu ina. Mipando ndi mbale sanazilire. Chimene chinkamuwawa, musaseke, inali magazini imene analembetsa kuti izimufika pakhomo mwezi uliwonse, yonenepa ngati buku, ya nkhani zazitali zofufuza ndi zopeka. Ankaiwerenga mwamuna akapita kuntchito, ndipo muzaka zoipazo ndi iyo yokha imene inkamulankhula osakalipa. Kukasintha adiresi ku ofesi ya magaziniyo sanayerekeze. Anaisiya kuti ife yokha.

M'mawa wina akusita thalauzi la kasitomala, njinga yamoto inaima panja. Anamva mawu a mwamuna wachilendo akutchula dzina lake lenileni, lonse lathunthu, limene panalibe wolidziwa mumsewu umenewo.

"Kuno kulibe munthu ameneyo," anatero azakhali pakauntala.

"Alipo, mayi, ali kuseriko. Wogulitsa zipatso pakona wandiuza kuti amasita."

Katani inasuntha. Analowa bambo wamfupi wovala jekete la mvula, chipewa chachitsulo mkhwapa, akumwetulira ngati wapeza mbale wake. M'manja munali magazini yatsopano ili mupulasitiki.

"Ndinu amene! Mwandivutitsa, amayi, koma ndakupezani. Ku ofesi amanditcha Saphonya. Chiyambire ntchito, palibe kasitomala anandisowapo."

Namabuku anaimika simbi.

"Mwandipeza bwanji, achimwene?"

Funso limeneli ndi limene Saphonya ankalidikira. Anthu onyadira ntchito yawo ndi oopsa, chifukwa sabisa kanthu. Anafotokoza zonse akuwerenga zala. Mayi woluka tsitsi kumene ankakhala kale anamuuza sukulu ya mwana. Mlonda wa pasukulupo anati kamtsikanako kanasamuka, koma tsiku lomaliza anakaona kakukwera minibasi yopita kumsika wa matayala. Kondakitala wina anakumbukira mayi wotupa diso amene anaiwala chenje. Kuchokera pasitejipo kunali kungofunsa khomo ndi khomo.

"Anthu amakumbukira, amayi. Mumangowafunsa mwaulemu."

"Koma ine kulembetsa kwanga kunatha."

"Kunathadi. Amuna anu anabwera kudzakulembetseraninso chaka chathunthu, ngati mphatso. Munthu wabwino, wofatsa. Anati munasamukira kwa abale ndipo adiresi inawasokonekera." Anatulutsa foni m'thumba. "Ndiye tili ndi mwambo wathu. Magazini ya mphatso ikafika koyamba, timaimbira wopereka tili pakhomo pomwepo, wolandira n'kuthokoza yekha. Makasitomala amazikonda kwambiri."

Azakhali, amene anali ataima pakatani, anamugwira dzanja ngati akufinya thawulo.

"Ikani pansi chinthucho, bambo inu. Munthu wofatsa wanuyo ndi amene anatupitsa diso limene kondakitala wanu akulikumbukira."

Saphonya anayang'ana azakhali, anayang'ananso Namabuku. Namabuku anangopinda mkono wa bulauzi, n'kumuonetsa pamene fupa linalumikizana mokhota. Kumwetulira kwa Saphonya kunazima pang'onopang'ono.

"Ine sindimadziwa," anatero. "Ine ndimangopereka magazini."

Foni inalira m'dzanja lake lomwelo. Onse atatu anaona dzina pagalasi.

"Ndi amuna anu," ananong'ona Saphonya. "Ndikapanda kuyankha aimbira abwana."

"Yankhani," anatero azakhali. "Simunamupeze."

"Mayi, ndikatero magaziniyi ibwerera ku ofesi, andilemba kuti ndalephera. Sizinachitikepo."

"Zichitike lero."

Saphonya anayankha foniyo. Chipindacho chinali chaching'ono, ndipo mawu a mwamuna wa Namabuku anamveka bwinobwino, ozizira, aulemu, omwe aja ankalankhula nawo alendo akabwera kunyumba. Namabuku anagwira m'mphepete mwa tebulo. Anaopa kuti ngakhale kupuma kwake kumveka.

"Zikuyenda, achimwene? Mwafika?"

Saphonya kunama sankakudziwa, thukuta linatsika m'masaya.

"Ayi, bwana. Ndazungulira konse, sindinawapeze. Zandikanika."

Makina ochapira kuchipinda china anasintha kaliridwe.

"Kukumveka makina kumeneko. Muli kuti?"

"Ndi pamsewu, bwana. Galimoto."

"Musadandaule, mwagwira ntchito yaikulu. Potsala apa ndimaliza ndekha."

Foni inaduka. Mtima wa azakhali unakhala pansi, koma Namabuku anali atamva bwino mawu omalizawo.

"Potsala pati?"

Saphonya anayang'ana pansi. Chipewa chija ankachitembenuza m'manja ngati mwana woswa kapu.

"Amaimba tsiku lililonse kufunsa pamene ndafika. Ndinkawauza, ndinkaona ngati ndi chikondi. Dzulo ndinawauza za kondakitala, ndi siteji ya kumsika wa matayala."

Sukulu ya mwana inali moyang'anizana ndi siteji imeneyo. Pa nthawi yopuma ana ankasewera m'mphepete mwa mpanda wa waya, poonekera aliyense wotsika minibasi.

Namabuku anavula epuloni. Azakhali analowa kuchipinda chogona kuseri, anakolowola zovala pachingwe zina zisanaume, n'kuzipanikiza m'chikwama pamodzi ndi mabuku a mwana ndi mankhwala ake a chifuwa. Mayi ameneyu, amene sanalirepo pamaliro a m'bale aliyense, ankapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja.

"Usandiuze kumene ukupita," anatero pomupatsa chikwama. "Pakamwa panga sindipakhulupirira. Akabwera ndikufuna ndinene zoona kuti sindikudziwa."

"Azakhali, nanga inu?"

"Ine ndili ndi simbi yotentha. Pita, mwanawe."

Saphonya anali akadali chiimire, magazini m'manja, osadziwa poiika.

"Ndikuperekezeni panjinga, amayi. N'kwapafupi."

"Ayi. Inu msewu wonse wakuonani."

Namabuku anatulukira khomo la kuseri. Thupi lonse linkafuna kuthamanga, koma anayenda pang'onopang'ono, maso pansi, kuti pasapezeke womukumbukira. Mwamuna aliyense wovala malaya oyera kutsogolo kwake ankaoneka ngati mwamuna wake. Pafupi ndi siteji anawoloka kuseri kwa lole yoima. Atafika kusukulu anauza aphunzitsi kuti mwana akupita kuchipatala, ndipo iwo anadandaula pang'ono za mayeso a masamu asanamutulutse.

Sanakwerere pasiteji. Anayenda ndi mwanayo mpaka msewu wina, n'kuimitsa minibasi yoyamba imene inabwera osayang'ana kumene ikupita. Anakhala kumbuyo, chikwama pamiyendo.

"Amama, tikupita kwa agogo a kushopu?"

"Ayi."

"Nanga kuti?"

"Ndikuuza tikafika."

Kondakitala anali wansangala, wa mtundu uja wocheza ndi aliyense. Polandira ndalama anawerama n'kumwetulira kwa mwanayo.

"Iwe wajomba sukulu eti? Dzina lako ndani, kamwana kokongola?"

Namabuku anafuna kutsina mwanayo kuti asayankhe, koma sanafike pomugwira n'komwe. Mwanayo anali atabisa kale nkhope m'khwapa mwa mayi ake, dzanja litaphimba baji ya sukulu pa yunifolomu. Panalibe amene anamuphunzitsa zimenezo.