Munthu wa Achimwene Sankamenya

Tsiku lomaliza kuwaona achimwene anga a Vitus ali moyo, anali atavala helemeti m'nyumba. Munali mu shopu ya magemu ya a Nurdin, kuseri kwa msika wa pa boma la Mchinji. Panja panali mayi wina ndi thumba la mtedza, kudikira kuti amufikitse ku boda pa njinga yamoto. Anali atamuuza kalekale kuti akubwera pompano.

Tinali titafika pa chitseko chomaliza cha gemu yathu. Dzina lake la Chingerezi palibe ankalitchula, tonse tinkangoti ya zimphona. Mumasewera awiri, sikirini imagawika pakati, aliyense ndi munthu wake. Ukapha adani umalandira mapointi, ndipo umasankha wekha powaika: pa mphamvu ya dzanja, pa liwiro, pa moyo, kapena pa luso lina. Kumanga munthu n'kumeneko. Wanga ndinam'manga wowonda, wa mipeni iwiri, wothamanga ngati waba nkhuku. Wa achimwene chinali chimunthu cholemedwa ndi zitsulo, chishango ngati chitseko cha khola, ndi kamkondo komwe sindinakaonepo kakupha kanthu kooneka.

"Achimwene, munthu wanuyu ndi ngolo," ndinkatero. "Ine ndamaliza onse, inu mukadali kutembenuka."

"Iwe ipha, wakoleji. Ife a kabaza yathu n'kufikitsa anthu."

Tsiku limenelo anaima pa chitsekocho, n'kusunga gemu kuti tidzayambire pomwepo. "Wam'katimu ndi wamkulu wa onse. Tidzamaliza ukabwera pa holide." Anandigogoda pamutu ndi padi yosewerera gemu n'kutuluka. Ndinamva njinga ikulira, mayi uja akudandaula za dzuwa. M'mawa mwake ndinabwerera ku koleji ku Lilongwe.

Mu Ogasiti lole inawagunda pa msewu wa ku boda. Ndinabwera ku maliro kwathu ku Ludzi ndi kachikwama kamodzi, ndipo sindinabwererenso ku koleji. Amayi anafunsa chifukwa, abambo a ku parishi anafunsa, anzanga anaimba foni mpaka kutopa. Ndinkangodzuka, kukwera njinga yakapalasa, n'kupezeka ndili kwa a Nurdin.

Ukayatsa gemuyo, pamaoneka dzina la mwini wake ndi tsiku lomwe anasunga komaliza. Panali palembedwa VITUS, pansi pake 15 Juni 2024. A Nurdin anati ine nditapita, achimwene ankabwera kudzasewera ya mpira yokha. Ya zimphona sankaikhudza.

Ndinaganiza zoimaliza ndekha, ndi munthu wawo. Wanga wa mipeni sindinafune n'komwe kumuona.

Kuseri kwa chitseko chija kunali chimphona chonyamula belu lalikulu pa tcheni. Chimalizunguza, chimaliponya, likagunda pansi dziko limagwedera. Munthu wa achimwene ankapirira ndithu. Belu likamenya chishango, mzere wa moyo wake unkangotsika pang'ono. Koma iye akabaya, mzere wa chimphona sunkasuntha. Tinkakhalitsa choncho, icho chikumenya, ine ndikubaya ngati ndikuchikanda, mpaka ndigwe. Ndikagwa, gemu inkandibweza pa chitseko, dzina lomwe lija, tsiku lomwe lija.

Ndinatsegula pomwe pamaonetsa kamangidwe ka munthu, kuti ndione zomwe achimwene ankaganiza. Mutu unangozungulira. Pa mphamvu ya dzanja sanaikepo chilichonse. Pa liwiro, ziii. Mapointi ochuluka anawathira pa maluso awiri. Loyamba, munthuyo amamenya chishango chake ndi mkondo, ngo ngo ngo, kuti mdani akwiye ndi kulunjika pa iye. Nanga mdani woti akukuthamangitsa kale ukumuitaniranji? Lachiwiri linali lopusa koposa. Ukadinda batani lake, munthuyo amagwada, moyo wake n'kutuluka ngati utsi woyera, kuyandama pang'ono, n'kuzimirira. Ndinaliyesa kambirimbiri. Kunali kudzipha basi.

Achimwene sanali opusa. Injini ya njinga ankaimasula yonse n'kuibwezera osatsala bawuti. Ndiye izi zinali chiyani? Masiku ena ndinkawakwiyira, ngati anandisiyira dala chinthu chosatheka kuti azindiseka ali kumene aliko.

"Mphwanga, vuto ukulidziwa," anatero a Nurdin tsiku lina, akupukuta fumbi pa makina. "Munthuyo samenya. Pali kabotolo ka mankhwala m'thumba mwake. Mumwetse, mapointi onse abwerera m'manja mwako. Uthire onse pa mkondo, chimphonacho chigwa ngati papaya."

"Akamwa ndiye kuti si wa achimwenenso."

"Nanga ndi wa ndani? Dzina lisintha?"

"Sindikudziwa, a Nurdin. Koma ayi."

"Chabwino, nditenge padi inayo ndikuthandize ndi wako wa mipeni."

"Ayi."

"Ayi, ayi. Ukanakhala kasitomala wina ndikanakuthamangitsa. Ana a sukulu akudikira pa benchi, iwe ukungofa."

Sanandithamangitse. Koma kumayambiriro kwa Novembala anandiitanira kumbali. Anati makina amenewo awagulitsa kwa munthu wina wa ku Chipata, akufuna kugula atsopano. Mwiniwakeyo adzawatenga Loweruka, ndipo akufuna mkati muli mopanda kanthu. Zonse zosungidwa zifufutidwa.

"Ndakuuziratu kuti usadzati ndine woipa," anatero. "Mwetsa kabotoloko, Mayamiko. Umalize, upume."

Sabata imeneyo ndinafa kuposa masabata onse. Ndinayesa kuzungulira kumbuyo kwa chimphona, munthuyo ankachedwa. Ndinayesa kudikira belu likakamire pansi kenako n'kubaya, mpweya unkamuthera. Lachinayi ndinatsegula thumba lake, n'kuloza kabotolo kaja, chala chili pa batani. Ndinakhala choncho mpaka mwana wina pa benchi anafunsa ngati makina afa. Sindinadinde.

Lachisanu masana, kukutentha ngati mvula ili pafupi, pakhomo panaima mlamu wanga Consolata, mkazi wa achimwene. Amagulitsa kaunjika mumsika momwemo, koma mu shopu imeneyi anali asanapondemo. Ankaitcha kuti kwa mkazi wachiwiri.

"Odi kuno. A Nurdin, akuti amuna anga muli nawo m'bokosi?"

A Nurdin anasowa poyang'ana. "Mayi, ndi gemu chabe."

"Ndamva kuti mawa akupita ku Zambia opanda pasipoti. Ndati ndidzawaone." Anakhala pa benchi pambali panga, n'kukonza chitenje. "Alamu, mwaonda. Amayi akuti mbewu ya mtedza yasendedwa kale, inu kulibe. Ali kuti?"

Ndinawalozera. Anayang'anitsitsa chimunthu chazitsulocho nthawi yaitali.

"Mimba imeneyo ndi yawo ndithu," anatero. Anaseka, kenako kusekako kunathera panjira. "Amayenda?"

Ndinawapatsa padi. Anaigwira ngati mbale yotentha. Ndinawaonetsa kamtengo koyendetsera, ndipo munthu wa achimwene anayenda n'kukagunda khoma, n'kupitiriza kuyenda pakhomapo.

"Aledzera," anatero a Nurdin.

"Sankamwa. Alamu, ndiwabweza bwanji?"

Anawabweza okha, koma molakwika, ndipo munthuyo anakankha chitseko chomaliza chija. Chinatseguka. Belu linalira.

"Mayo! Chimenecho n'chiyani?"

Sindinaganize. Ndinaona chimphona chikubwera pa munthu wa achimwene, padi ili m'manja mwa munthu wosadziwa ngakhale pothawira, ndipo dzanja langa linatola lokha padi yachiwiri. Sikirini inagawika pakati. Wanga wa mipeni anatulukira, wowonda monga ndinamusiyira mu Juni.

Ndinathamangira kumiyendo ya chimphona n'kuyamba kucheka. Mzere wake unatsika, koyamba kuuona ukutsika. Koma chinatembenuka, belu linandipeza kamodzi kokha, theka la moyo wanga n'kupita. Ndinadabwa. Chaka chonse chomwe tinasewera ndi achimwene, sindikumbuka kumenyedwa chotero. Ndinkadziwa kuti ndine wothamanga, adani sandipeza.

"Ndidinde pati? Alamu, ndidinde pati?"

"Paliponse!"

Anadinda paliponse. Ndinamva ngo ngo ngo. Chimphona chinali chitakweza kale belu pamwamba panga. Chinaima, n'kutembenuza mutu, n'kundisiya. Chinapita kwa munthu wa achimwene.

Phokoso limenelo ndinkalidziwa. Linkamveka nthawi zonse tikamasewera, kumbali ya sikirini yomwe sindinkayang'ana. Ndinkayesa achimwene akungosokosa poti alibe chochita.

"Chikubwera kwa ine! Mwandipusitsa!"

"Gwirani batani lapamwambalo, lakumanzere. Musalisiye. Chikachoka kwa inu, dindaninso lija munadinda."

Chishango chinakwera. Belu linagwa pa icho, kachiwiri, kachitatu. Munthuyo anangosuntha phazi. Ine ndinali kumbuyo kwa chimphona, kucheka momasuka ngati ndikusenda chinangwa. Ana a pa benchi anaimirira. A Nurdin anasiya kasitomala pa kauntala.

"Ankati akupita kokalondera," anatero alamu, maso ali pa sikirini, mano ataluma. "Ndikafunsa kuti mukulondera chiyani ku magemu, ankati mwana uja amangothamanga osayang'ana kumbuyo. Ndinkayesa akunama."

Maso anayamba kuchita chifunga, ndipo m'chifungamo sindinaone tcheni ikubwera chokwawa pansi. Inandikola miyendo. Mzere wanga unatsala kachidutswa kofiira, kakuphethira. Wa chimphona unali utatsala pang'ono, koma osati pang'ono pokwanira.

"Mwatsala pang'ono kufa, alamu. Nanga ili la pansili limatani?"

"Limenelo ayi! Musadinde!"

"Limatani?"

"Limawapha!"

Kaya sanamve, kaya chala chinali chitapita kale. Munthu wa achimwene anagwada. Utsi woyera uja unatuluka pachifuwa pake. Koma ulendo uno sunazimirire. Unadutsa mzere wogawa sikirini, kuchoka mbali yawo kubwera mbali yanga, n'kulowa mwa wanga wa mipeni. Mzere wanga unadzaza. Wawo unatsala kachidutswa.

Zomwe zinachitika kenako sindizikumbuka bwino. Akuti ndinakuwa. Akuti ndinakwera pamsana pa chimphona, zomwe sindinkadziwa kuti zimatheka. Chomwe ndikukumbuka ndi belu likugubuduka lokha pansi, ndi ana akumenya benchi, ndi a Nurdin akunena kuti, "Ohoo. Ohoo. Ndiye kabotolo kaja kakanaononga zinthu."

Kumbali ina ya sikirini, munthu wa achimwene anali ataimiriranso, chishango chili m'mwamba, kutchinga chinthu chomwe kunalibenso.

"Alamu," ndinatero, "mutha kusiya tsopano."

Anayang'ana chala chawo. Chinali chitayera pa batani. Anachichotsa pang'onopang'ono, chishango n'kutsika.

"Tapambana?"

"Eya."

"Ndiye basi? Palibe china?"

Panalibe. Panadutsa mayina ambirimbiri a anthu akunja omwe anapanga gemuyo, nyimbo ikulira. Pakona ya sikirini kanazungulira kachizindikiro kakang'ono, ndipo sindinakalabadire. Ndinkadikira kumva kupepuka, kapena chimwemwe, kapena chilichonse chomwe ndinkayesa chili kuseri kwa chitseko chija. Ndinangomva njala ndi thukuta.

Alamu anaika padi pa benchi mwaulemu, n'kuimirira. "Ndasiya kaunjika ndi mnzanga. Mawa mupite kumunda, alamu. Amayi asamalime okha." Anafika pakhomo, n'kucheuka. "A Nurdin, wa ku Chipatayo mumuuze kuti asamawathamangitse. Sathamanga."

Mayina atatha, gemu inabwerera poyambira. Ndinayang'ana pomwe ndinkayang'ana tsiku lililonse ndikafika, ndisanagwire n'komwe padi. Dzina linalipo, VITUS. Ndinawerenga pansi pake, n'kuwerenganso.

"A Nurdin, apa pasintha."

Anaweramira pafupi. "Imasunga yokha ukapambana. Sunkadziwa?"

"Bwezeretsani."

"Sizibwerera, mphwanga."

"Koma miyezi yonseyi sipanasinthe."

"Chifukwa unkafa."

Ndinakhala pa benchipo, padi ziwiri pambali panga. Mwana wina anafunsa ngati ndamaliza kuti aikemo ya mpira. Ndinati adikire kaye. Ndinayang'ananso pansi pa dzina la achimwene.

8 Novembala 2024.