Ng'ombe za Ba Agatha M'khola Limodzi

Mu Livingstone monse, kuchokera ku Dambwa mpaka ku Maramba, panalibe munthu woidziwa kompyuta ngati Chrispin Mudenda, ndipo mwini wakeyo sankadikira kuti wina amunenere. Fakitale ya mabulangete itatsekedwa, anzake atakhala pansi pa mitengo kumadikira boma, iye anawoloka mlatho wa pamalire ndi kachikwama kamodzi. Anagulitsa mawotchi ku Bulawayo, anatsuka mbale ku Joni, ndipo ku Nairobi anasesa mu ofesi ya anthu ofufuza matenda a ziweto mpaka makina awo anayamba kumumvera. Anabwerera kwawo mu 1995 ali ndi kompyuta yakeyake, ataifungatira m'basi ngati khanda.

Anapeza kachipinda pamwamba pa sitolo ya Mmwenye, pafupi ndi positi. Amene ankamupatsa ntchito yambiri anali a labu yaing'ono ya zanyama, yomwe mkulu wake anali Dokotala Sibeso, mayi wa Chilozi wosataya mawu. Zaka zimenezo denkete, matenda obwera ndi nkhupakupa, inkasesa makola a chigawo chonse cha kummwera. A labu ankatenga magazi a ng'ombe m'midzi n'kuwatumiza kunja, ndipo pakapita miyezi kunkabwera madisiketi ndi zithunzi zakuda zokhala ndi timizere toyera, DNA ya tizilombo ta matendawa. Chrispin ankalowetsa zonsezo mu kompyuta, kufananitsa mzere ndi mzere, n'kuuza adokotala ngati kachilombo ka ku Kalomo kanali pachibale ndi ka ku Zimba kapena ayi.

Ntchito ankaikonda, koma chinthu chimodzi chinkamuwawa ngati dzino. Ng'ombe imene aitenga magazi mwezi uno, mwezi wamawa sinkapezekanso.

"Ba dokota, iyi ng'ombe yofiira inali ku Sinde. Manje ili kuti?"

"Mwini wake anaiikiza kwa mlamu wake," Dokotala Sibeso ankayankha osakweza n'komwe mutu. "Kwathu timati mafisa."

"Mafisa, mafisa! Ku Nairobi ng'ombe ikhala pamene waisiya. Kuno iyenda monga kondakitala wa basi. Nanga ine nizaika chani mu kompyuta, mphepo?"

Mwambo wake unali wotero. Munthu wa ng'ombe sankaziunjika pamodzi. Ziwiri kwa msuweni, zitatu kwa mlamu, ina kwa mnzake wa paubwana. Wosungayo ankakama mkaka ndi kulimira, mwini n'kumangomva kuti zaswana.

Tsiku lina adokotala ananena kuti kwabwera katemera woyesera, wochepa kwambiri, ndipo akufuna khola limodzi lalikulu pafupi ndi tauni, la ng'ombe zosasuntha, kuti azizitsatira mpaka mvula itatha. Khola lotero Chrispin analidziwa, kungoti linali lomwazikana.

Mayi ake, ba Agatha, anali atakalambira pa tebulo logulitsira kapenta, tinsomba touma tija, mu msika wa Maramba. Chilichonse chimene chinkatsala akagula ufa ndi yunifolomu, ankachisandutsa kamwana ka ng'ombe n'kukapereka kwa mchimwene wawo, ba Mweetwa, ku Simonga. Ba Mweetwa nawo ankazigawa kwa abale: zina ku Mukuni kwa msuweni wawo Lubosi, zina ku Musokotwane, zina kumbali ya Kazungula. Mawondo a ba Agatha anali atayamba kutupa, ndipo chimene ankalota chinali chimodzi basi: kuchoka mu msika, kukamanga kanyumba ku Simonga, kulima ndi ng'ombe zawo ndi kumwa mabisi, mkaka wosasa uja, atakhala pamthunzi.

Chrispin anafika ku Libuyu, kumene mayi ake ankakhala, ali wefuwefu, atanyamula buledi ndi shuga.

"Amai, Mulungu wakukumbukirani! Nyeleti imodzi chabe ya katemera, ng'ombe zanu zonse denkete izazipita pambali. Anthu a ku Monze alira misozi kufuna iyi katemera, ine naibweretsa pakhomo panu."

"Kamba na amalume ako," anatero ba Agatha, akusisita bondo. "Ine nidziwa kapenta."

Ba Mweetwa anamva nkhani yonse atakhala pa goli losweka, akusema mpini. Atamaliza mnyamatayo, anapukusa mutu.

"Ba Kompyuta, ng'ombe sizigona pamodzi monga masoja. Moto ukagwira nyumba imodzi, ufunika kukhala na bulangete kwa neba."

"Amalume, izo ni za kale, pamene kunalibe mankhwala. Ine naona na maso anga ku Kenya, ng'ombe zonenepa monga mvuu, zonse mu waya umodzi. Ba dokota sangayende makola asanu na botolo imodzi. Katemera ikachoka mu chisanu, yafa."

"Nanga Lubosi azalimira chani chaka chino?"

"Nyengo imodzi chabe. Mvula ikatha muzazibweza."

Anakambirana mpaka dzuwa linapendeka. Chrispin anali ndi pakamwa poti ngakhale mwala unkavomera, ndipo ba Mweetwa nawo anali ataona makola a anzawo akusanduka mabwalo a ana. Pomaliza anaponya mpini pansi.

"Ng'ombe ni za amai ako. Ngati avomera, nizatuma mawu."

Ng'ombe zinayamba kufika chilimwe chili pakati, fumbi lili koboo m'misewu ya mchenga. Lubosi anabweretsa zake nkhope ili gwa, osalandira ngakhale madzi akumwa. Khola analikulitsa ndi mitengo ya mopani. Tsiku la katemera ba Agatha anatseka tebulo lawo, anavala chitenje chatsopano, n'kukwera galimoto ya labu. Chibadwire anali asanazionepo ng'ombe zawo zonse pamodzi. Anaima pa mpanda manja ali pakamwa. Nkhunzi, zazikazi, mathole, zakuda, zamawanga, nyanga zili yangayanga! Anaziloza imodziimodzi ngati akuona ana obwera kuchokera ku migodi, kenako analuluta mpaka mawu anasasa.

"Zonse izi ni kapenta?" anafunsa akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Ni kapenta, amai," Chrispin anaseka chifuwa chili patsogolo. "Manje mupumule."

Mwezi womwewo ba Agatha anapereka tebulo lawo kwa mayi wina amene ankalipempha kwa zaka zambiri. Anayamba kuumbitsa njerwa ku Simonga.

Mu kompyuta ya Chrispin munakongola ngati munda wa mzungu. Ng'ombe iliyonse pamalo pake, mwezi ndi mwezi, popanda mpata. Ankaitana ngakhale ogulitsa nyuzi kuti adzaone.

Mvula inabwera yambiri chaka chimenecho, msipu n'kufika m'chiuno. Nkhupakupa zinabwera nawo. Kenako njati za m'nkhalango yosungiramo nyama zinathyola waya n'kumadya kudambo komwe ng'ombe za ku Simonga zinkamwera. Anyamata a gemu, olondera nyamazo, anazibweza, koma zinali zitagona kale mu udzu womwewo.

Yoyamba kudwala inali ng'ombe yaikazi yamawanga. Inatupa kuseri kwa makutu, maso anachita mtambo, ndipo inaima payokha mutu uli pansi. Ba Mweetwa anakwera njinga mpaka ku tauni.

"Ni katemera isewenza mu thupi, amalume," anatero Chrispin. "Musaope."

Sabata isanathe inagwa, thovu lili phuu m'mphuno. Inatsatira inzake, kenako nkhunzi yolimira. Dokotala Sibeso anapita yekha, anabaya mankhwala ochepa amene anali nawo, anatenga magazi n'kuwatumiza mwachangu ndi munthu wopita ku Lusaka. Analamulanso kuti ng'ombe iliyonse ya ku Simonga isatuluke m'mudzimo, ndipo apolisi anaika chotchinga pa msewu wa ku Kazungula.

Zithunzi zinabwera m'mawa wina kukuwaza. Chrispin anazilowetsa mu kompyuta. Kumanzere anaika timizere ta kachilombo ka mu katemera, kumanja ta kachilombo ka m'magazi a ng'ombe za mayi ake. Akanakhala pachibale, timizereto tikanayang'anizana ngati mano a chipeso. Sitinayang'anizane. Anabwereza, anazimitsa makina, anayatsanso, anayeza ndi rula pagalasi ngati mwana wa sukulu. Kenako anatulutsa disiketi ina yakale ya labu, ya tizilombo ta njati, ndipo apo mizere inagwirana bwinobwino, osasiya kampata.

Anayenda wapansi mpaka ku labu, osamva n'komwe mvula.

"Ba dokota, si kachilombo kathu. Ni ka njati. Katemera siikadziwa."

Dokotala Sibeso anayang'ana zithunzizo kwa nthawi yaitali, kenako anavula magalasi.

"Ka njati kapha msanga kuposa mankhwala. Pepani, ba Mudenda."

"Nipatseni chilolezo, ba dokota, napapata. Zimene zikali na moyo tizibweze ku Mukuni na ku Musokotwane, kumene zinachoka."

"Kumene zinachoka?" Adokotala anakweza mutu. "Izi ng'ombe sizinali za khola limodzi?"

"Zinali za mafisa. Ine ndiye ninazisonkhanitsa."

Mawu a mayiyo anali ofewa kuposa masiku onse.

"Mukanandiuza, nikanakana. Koma manje zili na nkhupakupa za kudambo lija. Nikasaina, napha ng'ombe za Mukuni yonse. Siningachite."

Chrispin sanagonje. Anabwereka njinga yamoto n'kupita ku Mukuni mwakachetechete. Anapeza Lubosi akupalira chimanga ndi khasu, iye ndi mkazi wake, m'munda umene chaka chimenecho unalimidwa theka lokha. Chapatali, ng'ombe za aneba zinkadya, zonyezimira, michira ikupepesa ntchentche.

"Ba Lubosi, nikubwezereni ziwiri chabe. Zipite na njira ya m'thengo, palibe azaona."

Lubosi anatsamira khasu.

"Unazitenga zili na moyo, tata, ufuna kunibwezera maliro? Nanga aneba anga nizawauza chani? Pita bwino. Upatse moni ba Agatha."

Ku Simonga nyama inadzaza zingwe zonse. Poyamba anthu ankabwera ndi mabeseni, kenako analeka. Ngakhale agalu ankangoinunkhiza n'kupita. M'mawa uliwonse ba Mweetwa ankalowa m'khola ndi chingwe, osati chomangira goli, koma chokokera mtembo. Chrispin ankabwera masana ndi mankhwala ophera nkhupakupa, kupopera mpaka manja kusupuka, koma matenda anali atalowa kale m'magazi. Ndipo akabwerera ku tauni ankakhala pa kompyuta, chifukwa labu inkafunabe kudziwa: ng'ombe iti, tsiku liti, inayamba bwanji. Ankalowetsa yekha, imodziimodzi.

Ba Mweetwa sanamunyoze. Sanamutchulenso kuti ba Kompyuta. Ankangomuuza kuti, "Gwira mwendo uwo," ndipo zimenezo zinkapweteka kuposa mbama.

Yomaliza inali thole lakuda lomwe linali lisanabereke. Ba Agatha anali pomwepo, atakhala pa mulu wa njerwa zawo zosawotcha zimene mvula inali itayamba kusungunula. Linagwada, linapumira m'mwamba, linagona chammbali. Mayiwo anadzuka movutikira, anapita kukaliphimba kumaso ndi nthambi ya masamba, n'kubwerera kudzakhala.

Chrispin anagwada patsogolo pawo m'matope.

"Amai..."

"Ku Mukuni, kwa aneba a Lubosi, zafa?" anafunsa osamuyang'ana.

"Iyai."

"Ku Musokotwane?"

"Iyai, amai."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa basi.

"Chabwino. Ana a kumeneko azamwa mkaka. Nithandize kuima, mawondo akana."

Lolemba lotsatira Chrispin analawirira ku Libuyu. Anapeza mayi ake atamanga kale thumba la kapenta. Analinyamula paphewa, malaya ake oyera a ku Nairobi akununkha nsomba, ndipo anayenda kumbuyo kwawo mpaka ku Maramba.

Pa tebulo lawo lakale panali mayi uja, atayala tomato. Ataona ba Agatha anaimirira mwamanyazi, koma iwo anamukwezera dzanja kuti akhale. Chopatsa sachilanda. Anatulukanso pageti, kumene amakhala ongoyamba kumene malonda, pafupi ndi ngalande, n'kuyala saka pansi. Kugwada kunawatengera nthawi. Chrispin anawagwira mkono mpaka anakhazikika, miyendo atatambasula.

"Amai, tiyeni kunyumba. Ine nizakusungani. Nizagula zina, nizapita ngakhale ku Botswana..."

"Leka, Chrispin." Anayamba kuunjika kapenta timilu ting'onoting'ono ndi zala zawo zopindika. "Pita ku nchito, ba dokota akuyembekeza. Ukawauze bwino za njati zija, anthu ena asagwere m'menemo."

Sanachoke msanga. Anaima pambali, manja ali lendee, mpaka mtsikana wina wonyamula mwana anawerama n'kufunsa mtengo, ndipo anamva mayi ake akuyankha ndi mawu awo a mu msika.